Makhadi akale a Berra ndi Bench: wogula aziyamba wawerengera asanapisa m'thumba

Mu August 2022, kampani yogulitsa katundu pa okushoni ya Heritage Auctions ya mumzinda wa Dallas ku America inagulitsa kakhadi kamodzi ka pepala pa mtengo wa $12.6 miliyoni. Khadilo linali la Mickey Mantle, katswiri wa masewero a baseball wa timu ya New York Yankees, ndipo linasindikizidwa ndi kampani ya Topps mu 1952. Pa nthawi yomwe linkatuluka, ana ankalipeza m'kapaketi ka chingamu kogula ndi masenti ochepa chabe.

Mitengo yotereyi ndiyo imakokera anthu ku msika wa makhadi akale. Koma poti si aliyense angafike pa mtengo wa Mantle, ambiri amasakasaka akatswiri ena omwe mbiri yawo ndi yayikulu pomwe makhadi awo ndi otsikirapo mtengo. Apa m'pamene maso amagwera kwa osewera omwe amatchedwa ma catcher, monga Yogi Berra, Roy Campanella ndi Johnny Bench. Pakati pa otolera makhadi pamamveka maganizo akuti msika unawapondereza anthu amenewa, kotero wogula lero adzakolola tsiku lomwe msika udzazindikire.

Maganizowa ali ndi mfundo, koma amene angaike mpamba wake potsatira mfundo yokhayi akhoza kudzagwira njakata. Makhadi a ma catcher ndi katundu woyenera munthu wodekha, wodziwa kuyang'ana chomwe akugula, komanso amene sadzafuna ndalamayo mawa.

Kwa amene sadziwa masewerowa, catcher ndi wosewera amene amanjuta kumbuyo kwa womenya mpira n'kumawakha mipira yomwe mnzake woponya akuponya. Ndiye amapereka zizindikiro za kaponyedwe ka mpira uliwonse, ndiye amaona bwalo lonse patsogolo pake, ndipo ndiye amavulala kwambiri maondo ndi zala. Amasewera atavala chophimba kumaso ndi zotchinga pachifuwa ndi m'miyendo. Ntchito yake ndi yolemetsa koma yosaonekera kwenikweni kwa ochemerera, omwe amakuwa kwambiri mpira ukamenyedwa n'kutuluka kunja kwa bwalo.

Kusaonekera kumeneku kumafika mpaka pamsika. Berra ndi Mantle anasewera limodzi mu timu ya Yankees kwa zaka zoposa 10. Berra anatenga chikho cha World Series ka 10 ngati wosewera, zomwe palibe wina anazichitapo, pomwe Mantle anachitenga ka 7. Aliyense wa iwo anasankhidwa katatu kukhala wosewera wopambana onse mu ligi yawo: Berra mu 1951, 1954 ndi 1955, Mantle mu 1956, 1957 ndi 1962. Potengera zikho ndi mphoto, awiriwa sakusiyana kwenikweni. Koma palibe khadi la Berra lomwe linayandikirapo mtengo wa khadi la Mantle lija.

Chimodzimodzinso Bench wa timu ya Cincinnati Reds, yemwe anthu ambiri amamutenga ngati catcher woposa onse amene anasewerapo mu ligi zikuluzikulu. Iye anasewera kuyambira 1967 kufika 1983, anapata mphoto ya wosewera wopambana onse mu 1970 ndi 1972, anatenga World Series mu 1975 ndi 1976, komanso analandira mphoto ya Gold Glove ka 10. Khadi lake loyamba ndi nambala 247 la Topps la 1968, pomwe anajambulidwa pambali pa woponya wina, Ron Tompkins. M'gulu la makhadi a chaka chomwecho muli khadi loyamba la woponya wotchuka Nolan Ryan, nambala 177. Awiriwa akakhala ofanana kasungidwe, la Ryan ndilo limadula kwambiri.

Funso lomwe wamalonda ayenera kudzifunsa n'lakuti: kodi kusiyana kumeneku n'kulakwitsa kwa msika komwe kudzakonzeke, kapena ndi mmene msikawo ulili basi?

Umboni ukuloza ku yankho lachiwirili. Berra anasiya kusewera mu 1965, ndipo Bench mu 1983. Palibe chikho china chomwe angawonjezere. Onse analowa kale m'nyumba ya ulemu ya Hall of Fame ya ku Cooperstown, Berra mu 1972 ndipo Bench mu 1989. Ogula akhala ndi zaka zambirimbiri zoganizira mbiri ya anthuwa, ndipo mtengo womwe ulipo lero ndi chigamulo chawo. Msika wa makhadi sulipira kuchuluka kwa zikho. Umalipira chikondi chomwe anthu anali nacho pa wosewera ali ana, ndipo ana a ku America a m'ma 1950 ankalota kukhala Mantle. Amene akugula khadi la catcher poyembekezera kuti tsiku lina lidzafanana ndi la Mantle akudikira madzi a mphutsi.

Izi sizikutanthauza kuti makhadiwa alibe phindu. Zikungotanthauza kuti mtengo wake umachokera kwina, ndipo koyamba ndi kusowa kwa khadilo.

Chitsanzo chabwino ndi khadi la Campanella la Topps la 1952. Gulu la makhadi a chaka chimenecho linali ndi makhadi 407, ndipo omalizira, kuyambira nambala 311 kufika 407, anatuluka mochedwa nyengo ya masewero ikupita kumapeto, ana atayamba kale kutembenukira ku masewero ena. Sanayende malonda. Sy Berger, mkulu wa ku Topps yemwe anatsogolera ntchito yokonza makhadiwa, anafotokoza pambuyo pake kuti otsala anakawataya m'nyanja ya Atlantic atasowa owagula. Khadi la Mantle ndi nambala 311. La Campanella ndi 314, m'gulu losowa lomwelo. La Berra la chaka chomwecho ndi nambala 191, m'gulu lomwe linafalikira kwambiri. Wogula amene sadziwa manambalawa sangamvetse chifukwa chomwe makhadi awiri a chaka chimodzi, a kampani imodzi, a akatswiri ofanana mbiri, akusiyanira mtengo.

Nkhani ya Josh Gibson ikuonetsa kusowa kwa mtundu wina. Gibson anali catcher wa matimu a Homestead Grays ndi Pittsburgh Crawfords mu ligi za anthu akuda, pa nthawi yomwe tsankho linkaletsa akuda kusewera mu ligi zikuluzikulu. Anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35, kutatsala miyezi itatu kuti Jackie Robinson atsegule chitseko chimenecho. Makampani a chingamu a ku America sankasindikiza makhadi a osewera a ligi za akuda. Khadi lake lodziwika kwambiri ndi la gulu la Toleteros lomwe linatuluka ku Puerto Rico mu 1950 ndi 1951, iye atamwalira kale. Mu May 2024, bungwe la Major League Baseball linaphatikiza ziwerengero za ligi za akuda m'mabuku ake, ndipo Gibson anakhala woyamba pa onse pa kamenyedwe ka mpira. Katundu wa Gibson ndi wochepa zedi kotero kuti aliyense amene akutsatsa khadi lake lakale pa mtengo wozizira ayenera kukayikiridwa asanamvedwe n'komwe.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi makhadi omwe anachuluka ngati mchenga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, makampani monga Topps, Fleer, Donruss ndi Score anasindikiza makhadi ochuluka kwadzaoneni chifukwa anthu anali atayamba kuwagula ngati chuma chosunga. Aliyense anasunga, ndipo anasunga bwino. Zotsatira zake n'zakuti makhadi ambiri a nthawi imeneyo sagulidwa n'komwe pa mtengo wa phindu. Iván Rodríguez, yemwe makhadi ake oyamba ndi a 1991, ndi Mike Piazza, yemwe ake ndi a 1992, onse ali mu Hall of Fame ndipo onse anali ma catcher apamwamba. Koma makhadi awo wamba amapezeka paliponse pa madola ochepa. Makhadi a m'ma 1950 anakwera mtengo chifukwa ana ankaseweretsa, kuwapinda, kuwamanga ndi mphira, ndipo makolo ankawataya posesa m'nyumba. Katundu amene aliyense wasunga poyembekezera kuti adzadula, sadula.

Chachiwiri chomwe chimaika mtengo ndi kasungidwe, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimapezeka kapena kutayika.

Kampani ya PSA, yomwe inayamba mu 1991, imayeza makhadi n'kuwapatsa giredi kuyambira 1 kufika 10, kenako n'kuwatsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolembedwa nambala. Makampani a SGC ndi Beckett amachitanso ntchito yomweyi. Oyeza amayang'ana zinthu zinayi: ngati chithunzi chili pakati penipeni, kuthwa kwa makona, kusalala kwa m'mphepete, ndi nkhope ya khadilo ngati ili ndi makwinya kapena mathotho. Khadi la giredi 9 likhoza kudula kangapo kuposa lomwelo la giredi 8, chonsecho maso a munthu wamba sangasiyanitse awiriwa atawaika patebulo.

Khadi lililonse lili ndi matenda ake odziwika. Loyamba la Berra, nambala 6 la kampani ya Bowman la 1948, ndi laling'ono kuposa makhadi a masiku ano, lachithunzi chopanda mitundu, ndipo ambiri anadulidwa mopendekeka kufakitale komweko. Makhadi a Topps a 1971, kuphatikizapo lotchuka la Thurman Munson, catcher wa Yankees yemwe anamwalira pa ngozi ya ndege mu 1979, ali ndi mphepete zakuda zomwe zimasupuka msanga n'kuonetsa pepala loyera. Akamberembere amapaka inki yakuda posupukapo kuti khadi lioneke latsopano. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi lopakidwa likafika kwa oyeza sililandira giredi ya nambala, ndipo mtengo wake umagwa pansi.

Koma nako kabokosi ka pulasitiki si chitsimikizo chathunthu. Khadi loyambirira lomwe PSA inayeza linali la Honus Wagner la gulu la T206, lomwe katswiri wa hockey Wayne Gretzky anagula pamodzi ndi Bruce McNall pa $451,000 mu 1991. Linapatsidwa giredi 8. Mu 2007 linagulidwa pa $2.8 miliyoni. Mu 2013, Bill Mastro, yemwe anali mwini kampani yayikulu ya okushoni ya katundu wa masewero, anavomera kukhoti kuti anali atalidula m'mphepete kuti lioneke lakuthwa. Anavomeranso kuti kampani yake inkagwiritsa ntchito anthu onamizira kupikisana pa okushoni pofuna kukweza mitengo. Mu 2015 analamulidwa kukakhala kundende miyezi 20. Ngati khadi lodziwika padziko lonse linadutsa m'manja mwa akatswiri ochuluka chotero lili lodulidwa, wogula khadi la Bench pa intaneti alibe chifukwa chokhulupirira zolembedwa pa kabokosi popanda kuyang'ana yekha zomwe zili m'katimo.

Chachitatu, chomwe ogula atsopano amaiwala kawirikawiri, ndi ndalama zomwe zimadyeka pakati pa kugula ndi kugulitsa.

Makampani akuluakulu a okushoni amawonjezera pafupifupi 20 peresenti pamwamba pa mtengo womwe nyundo yagwera. Mwachitsanzo chabe, munthu akapambana khadi pa $1,000, amalipira $1,200, osawerengera zotumizira ndi inshuwalansi. Akafuna kuligulitsa pa eBay, komwe kampaniyo imadula pafupifupi 13 peresenti, ndipo akapeza wogula pa $1,200 yomweyo, m'thumba mwake mulowa ndalama zosapitirira $1,050. Kuti angobweza zomwe anaononga, khadilo liyenera kugulidwa pa $1,380 kapena kuposerapo. Ndiye kuti mtengo ukwere ndi 15 peresenti mwini wake asanaone ngakhale senti imodzi ya phindu. Ku America, phindu la katundu wotoleratolera wosungidwa kupitirira chaka limakhomedwa msonkho wofika 28 peresenti, womwe ndi wokwera kuposa wa masheya. Khadi silibereka chiwongoladzanja, silipereka gawo la phindu pakutha pa chaka, ndipo limafuna malo otetezeka.

Nthawi yogulira nayo ndi nkhani. M'chaka cha 2020 ndi kumayambiriro kwa 2021, pomwe mliri wa Covid-19 unatsekera anthu m'nyumba, msika wa makhadi unatentha kwambiri. Makhadi otumizidwa kukayezedwa anachuluka mpaka PSA inayimitsa kaye kulandira ambiri mwa iwo mu 2021. Makampani akuluakulu anaona mwayi, ndipo mu January 2022 kampani ya Fanatics inagula bizinesi ya makhadi ya Topps pa ndalama pafupifupi $500 miliyoni. Pambuyo pake mitengo inatsika, makamaka ya makhadi a osewera atsopano, ndipo ambiri amene anagula msika uli pamwamba anatsala ndi katundu wosabweza mpamba.

Apa m'pamene ochemerera makhadi a ma catcher akale ali ndi mfundo yomveka, ndipo n'koyenera kuwamvera. Wosewera wachinyamata akhoza kuvulala, kulephera, kapena kugwidwa ndi mankhwala oletsedwa, khadi lake n'kusanduka pepala wamba. Berra ndi Campanella sangavulalenso. Mbiri yawo inatsekedwa, ndipo palibe fakitale ingasindikizenso khadi lenileni la Bowman la 1948 kapena la Campanella loyamba la 1949. Makhadi otere amatsika pang'onopang'ono msika ukagwa, poyerekeza ndi a osewera atsopano. Koma kukhazikika kumeneku kuli ndi mtengo wake: katundu wosagwa msanga sakweranso msanga. Komanso pali funso lomwe palibe angalizembe. Anthu amene anaonera Berra akusewera ndi okalamba tsopano, ndipo amene anaonera Bench akulowera komweko. Mtengo wa mawa udalira ngati ana awo ndi adzukulu awo adzafune kulipira chifukwa cha munthu amene sanamuonepo pabwalo.

Amene waganiza zolowa pamsikawu ayenera kutsata njira zingapo zomwe amalonda odziwa amatsata.

Asankhe wosewera mmodzi n'kumudziwa bwino. Makhadi akuluakulu a Bench a Topps a nthawi yomwe ankasewera amayambira 1968 n'kulekezera kumayambiriro kwa m'ma 1980, ndipo munthu akhoza kuwaphunzira onse, manambala ake ndi zofooka zake. Wolumphalumpha kuchoka kwa Berra kupita kwa Bench, kenako kwa Carlton Fisk ndi Gary Carter, sadziwa mtengo weniweni wa aliyense. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ayang'ane mitengo yomwe makhadi anagulidwadi, osati yomwe ogulitsa akutchula. Pa eBay pali njira yoonera katundu yemwe anagulitsidwa kale, ndipo makampani a okushoni amasunga zotsatira zawo poyera. Mtengo wotsatsira ndi chikhumbo cha wogulitsa basi.

Aone kuchuluka kwa makhadi a giredi yomwe akufuna. PSA ndi anzake amafalitsa kaundula wosonyeza kuti khadi lililonse layezedwa kangati ndipo angati analandira giredi iliyonse. Kaundulayu amakula chaka ndi chaka pamene makhadi ena akutuluka m'makatoni, ndipo amawerenganso kawiri makhadi omwe eni ake anaswa kabokosi n'kutumizanso poyembekezera giredi yokwera.

Atsimikize nambala ya pa kabokosi pa tsamba la kampani yoyeza, n'kufananiza chithunzi ndi khadi lomwe akutsatsidwa, chifukwa timabokosi tachinyengo tiliponso. Khadi losayezedwa aliyeze ndi rula. Kuyambira 1957, makhadi a Topps ndi a mainchesi 2.5 m'lifupi ndi 3.5 m'litali. Lochepera apo mwina linadulidwa. Adziwenso kuti makampani enieniwo anasindikizanso makhadi akale ngati chikumbutso m'zaka zapambuyo, ndipo osindikizidwanso amenewa, ngakhale ali ovomerezeka, mtengo wake ndi wochepa kwambiri.

Kwa wa mpamba wochepa, makhadi a giredi zapakati, monga 4, 5 kapena 6, omwe chithunzi chake chili pakati bwino ndipo nkhope yake ndi yoyera, ndiwo ali ndi ogula ambiri. Sakopa kwambiri odula ndi opaka chifukwa phindu la chinyengo limakhala lalikulu pa giredi zapamwamba. Akagula, asunge katundu wake kutali ndi dzuwa, chinyontho ndi kutentha, popeza pepala la zaka 70 silipirira nkhungu.

Kwa wowerenga amene ali ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata, pali vuto lowonjezera. Malondawa amachitika m'madola, ndipo ogula ake enieni ali ku America. Ku Malawi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja sizipezeka mwachisawawa m'mabanki. Ena angaone khadi la m'madola ngati pobisalira kugwa kwa kwacha, koma khadi lomwe lili kuno lilibe wolipikula pafupi. Liyenera kuwolokanso nyanja, ndi inshuwalansi yake, kuti likapeze msika. Achibale amene akukhala ku America ali pafupi ndi msikawo, komabe masamu a okushoni, eBay ndi msonkho aja sawasiya.

Choncho khadi la Berra, Campanella kapena Bench ndi logula ndi ndalama yomwe mwini wake angathe kuiwala kwa zaka 10. Ya fizi, ya feteleza kapena ya mpamba wa golosale isayandikire kumeneko. Wogula alembe papepala mtengo womwe khadi longa lomwelo linagulidwa posachedwa, awonjezere 20 peresenti ya okushoni ndi zotumizira, achotse 13 peresenti ya tsiku lomwe adzagulitse, kenako adzifunse ngati angakondwebe kukhala nalo mtengo utapanda kusuntha. Ngati yankho ndi ayi, asiyire ena nyundoyo.